Sefa Yakuda ya Nachisale

Banja lililonse linkalandira sefa imodzi pachaka. M'kati mwake munkakhala kansalu kapadera kotchedwa girafini, kakuda bii, kopyapyala kuposa khungu la anyezi. Ndi kokhako kamene kankachotsa mchere ndi poizoni m'madzi a pamjigo.

Pochokera kumunda, Nachisale anapeza apongozi ake, omwe anafika dzulo lake, akuyanika sefayo pathandala. Inali mbee.

"Nachisale, mumamwa bwanji madzi odutsa mu mwaye wotere? Ndaikwecha ndi mchenga."

Apa n'kuti uli mwezi wa Malichi, ndipo sefa zina ankagawa mu Okutobala. M'nyumba khanda la Nachisale linkalirira mkaka wosungunula ndi madzi, mawere a mayi wakeyo atauma kalekale.

Nachisale anagwada, nalandira sefayo ndi manja awiri.

"Zikomo, amayi. Yayeradi."