Njinga Yalira

"Ndimange apa, bambo a ana?" anafunsa mayiyo, sipanala ili m'manja, oyilo wakuda mpaka m'zigongono.

Amuna ake, atatsamira pampando pakhondepo, anapukusa mutu n'kuloza pulagi ndi chibwano. Chidwalireni matenda ofa ziwalo, lilime ndi mbali yonse yakumanja zinaleka kuwamvera. Njinga yawo yamoto yakalekale inangokhala kuseri n'kumachita dzimbiri, chonsecho kuchipatala kumene ankayenera kumapita kunali kutali.

Mayiyo anapala pulagiyo, n'kutsuka kabuleta, n'kukunga tcheni. Akalakwitsa, bambowo ankabuula, iye n'kumasulanso.

"Mundipirire," anatero. "Manja anga anazolowera singano."

Anaponda chitsulo cholizira injini, n'kupondanso, mpaka mwendo kuwawa. Njinga inatsokomola, kenako inalira, utsi n'kudzaza khonde lonse.

"Yalira! Mwamva? Mawa tikupita kuchipatala!"

Bambowo anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana zogwirira za njingayo. Kuseka kwa mayiyo kunathera panjira. Zaka zonse za ukwati wawo iye ankangokhala kumbuyo, atawagwira m'chiuno.

Njinga inapitiriza kulira, ikumwa petulo. Mayiyo sankadziwa ngakhale pozimitsira.