Chipatala Chowonda cha Ustazi Medhat

"Phindu la chipatala silichokera kwa madokotala," anatero Ustazi Medhat, akusisita chimimba chake. "Limachokera kwa ine. Ndikafuna, chipatala chimanenepa. Ndikafuna, chimawonda mpaka nthiti kuonekera. Mu Mansoura muno wondiposa sanabadwe, ndipo ku Cairo akudziwa."

Medhat anali mkulu wowerengera chuma pa kampani ya chipatalacho, munthu wa mafuta onunkhira amene ankalowa m'chipinda mwini wake akadali pamasitepe. Womvetsera anali bwana wake, Dokotala Raafat. Awiriwa ankadikira alendo m'chipinda cha misonkhano.

Nkhani yake inali yotere. Mwini chipatala atamwalira, chinatsala m'manja mwa ana ake: magawo awiri kwa Raafat, limodzi kwa mchemwali wake wamkulu, Enayat. Raafat ankafuna chonse. Ndiye anauza Medhat kuti achidwalitse papepala, achemwali agulitse gawo lawo motchipa, ndipo mphoto yake akhala mkulu woyendetsa kampani yonse. Suti ya udindowo Medhat anali atasoketsa kale, ndipo mkazi wake anali atalengeza kwa aneba onse, ngakhale amene sanafunse.

Kuba sanabe, ayi. Kuba n'kwa anthu osapita kusukulu. Iye anangosintha ndondomeko zowerengera chuma. Makina ojambulira m'thupi, ogulidwa chaka chathachi, anawalemba kuti moyo wake ndi zaka zitatu basi, ngati nsapato za pamsika. Ndalama zomwe makampani a inshulansi anali asanalipire anati n'zotayika, tingoziiwala. Nyumba yatsopano ya amayi oyembekezera, yosanjikiza bwinobwino, anailemba kuti "kukonza zowonongeka". Zonsezi anazifotokoza mwaulemu kumapeto kwa lipoti, m'timalemba tonga nyerere, kumene maso a munthu wabwinobwino safikako. Pansi odwala anali pamzere mpaka kumsewu. Papepala chipatala chinali wefuwefu.

Enayat analowa ndi amalume awo, a Haji Sabri, amene anabwera kudzaweruza. Enayat anali mayi wamasiye, mphunzitsi wopuma ntchito, wovala zakuda zopauka, fumbi la minibasi lili kumapazi. Medhat sanadzuke n'komwe.

"Ana inu," anatero a Haji, "tichita monga ankachitira agogo anu pogawana sitolo ya nsalu. Wina atchule mtengo wa chipatala chonse. Winayo asankhe, kugulitsa gawo lake kapena kugula la mnzake, pa mtengo womwewo. Wotchula sasankha. Mwavomera?"

Raafat anazengereza pang'ono. Medhat anamunong'oneza, monong'ona mwake momveka mpaka pakhomo: "Vomerani, adokotala, inu mutchule. Awa agula ndi chiyani? Penshoni ya uphunzitsi? Ngakhale bedi limodzi la odwala sangalikwanitse."

Anagwirana manja, anawerenga pemphero la Fatiha, n'kusaina. Mawu otero sabwezedwa.

Kenako Medhat anaimirira ndi nkhope ya pamaliro. Anawerenga za makina okalamba, za inshulansi yosalipira, za phindu lothawa. Penapake anapukuta diso louma ndi mpango.

"Ustazi, pepani, ine masamu anga ndi a ana a sukulu," anatero Enayat. "Makina ajawa akalamba kale? Si omwe anandijambula bondo mwezi wathawu?"

"Mayi, bondo ndi bondo, chuma ndi chuma. Izi n'zakuya. Zikupwetekani mutu chabe."

"Ndiye kuti chipatala cha bambo chikudwaladi?"

"Chili pa mpweya, mayi. Ndikanakhala inu, bwenzi nditathawa dzulo."

"Kalanga ine. Ndipo mungaikepo dzina lanu pa zimenezi?"

Medhat anaseka. Anasaina siginecha yake yotchuka ija, ya michira itatu, n'kudindapo chidindo mwamphamvu mpaka matambula a tiyi analira.

Raafat anausa moyo ngati munthu wopereka nsembe, n'kutchula mtengo. Unali mtengo woti a Haji anachotsa magalasi, kuwapukuta, n'kufunsa ngati akunena chipatala chonse kapena malo oimika magalimoto okha.

"Chonse, amalume. Ndipo ndawonjezerapo dala, chifukwa achemwaliwa anandilera. Tengani gawo lanu, achemwali, mukapume. Mavuto awa mundisiyire ine."

Medhat anali atayamba kale kuyeza ndi maso ofesi ya mkulu wa kampani kutsidyako, kuganiza poika sofa.

Enayat anamaliza tiyi wake modekha, n'kutula tambula.

"Mulungu akudalitse, Raafat. Unali wachifundo kuyambira uli pamsana panga. Mavutowo sindingakusiyire wekha. Ndikugula."

Raafat anaseka mpaka kutsamwa. "Mugula ndi chiyani, achemwali? Ndi choko?"

"Ndi ngongole ya kubanki, anandivomera sabata yatha. Akubankiwo ali ndi lipoti lina la chipatala chomwechi, lija munawapatsa chaka chatha pofuna ndalama zomangira: makina okhala zaka makumi awiri, inshulansi yolipira yonse, phindu losefukira." Anatembenukira kwa Medhat. "Siginecha yake ndi yomweyi, Ustazi. Mawa mupite mukawauze nokha lipoti loona ndi liti. Kuntchito kuno musavutike kubwera."