Kiyi wa Mosungira Malata

Zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, kalipentala ananamiziridwa ndi mlamu wake kuti waba malata a tchalitchi. Iye analowa m'ndende, mlamuyo n'kulowa m'nyumba yake, kenako anasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo.

Lamlungu loyamba kalipentala atatuluka, mkuluyo anamuitanira kutsogolo.

"Abale, taonani ntchito ya mayesero! Munthuyu anali mkango, lero ndi nkhosa. Alamu, muli nacho chakukhosi?"

"Ndilibe," anatero kalipentala. Sankanama. Kundende anapemphera mpaka maondo anachita zikang'a, mkwiyo n'kuphwa.

Anthu anaomba m'manja, poti kuomba m'manja sikuwawa.

"Ndiye ife takukhululukirani," anatero mkuluyo. "Malata atsopano afika dzulo. Kiyi wa mosungiramo muzisunga ndinu."

Anamufumbatitsa kiyiyo mpingo wonse ukuona. Pomukumbatira anamunong'oneza kuti, "Mwakhwima ndithu, alamu, koma golide amabwerera pamoto kawiri."

Kalipentala anatuluka kiyi ali m'manja, nadutsa panyumba imene inali yake. Malata akale aja anali akadali padenga la khola la nkhuku za mkuluyo.