Mzere wa Choko

Makaniko anali atapala kale mpaka pamzere wa choko, koma makina sanazimitse.

Galimotoyo inali ya mlamu wake, yotsitsira zipika kuphiri. Mlamuyo ankafuna magiya otsika kwambiri m'bokosi logawira mphamvu kumateyala onse anayi. Potsetsereka ndi katundu, mabuleki okha sakwanira. Chimagwira galimoto ndi giya. Koma magiya atsopanowo ndi aakulu. Kuti alowe, umapala m'kati mwa bokosilo pang'ono, n'kulekeza pachoko. Ukapitirira, chitsulo chimatsala ngati chigoba cha dzira, ndipo chimadikira katundu wolemera kuti chiphwanyike.

Iye anapitirira dala.

Dzulo lake mlongo wake, mkazi wa mlamuyo, anabwera diso litatupa, mlomo utang'ambika. Akuti anagwa. Kugwa kwanji kosiya zala pakhosi? Mwana amene anamulera yekha makolo atamwalira, n'kumuphunzitsa kugwira sipanala ndi chiwongolero miyendo isanafike n'komwe pansi! Mtima unamuwawa, chifundo n'kumuthera.

Anamanga bokosilo, n'kuthira oilo. Kunja linkaoneka langwiro. Poitulutsa galimotoyo anapeza kapilo pampando wa dalaivala. Ulesi wa munthu ameneyu, anatero mumtima, n'kukaponyera kumbuyo.

Mlamu anafika dzanja lamanja lili m'bandeji.

"Latani dzanjalo, alamu?"

"Chitseko," anayankha akuseka. "Mwamaliza? Zipika zikudikira mawa."

"Yatheka. Potsika musavutike ndi mabuleki, ingodalirani giya."

Mlamu anatuluka pageti akuwongolera ndi dzanja limodzi, akuimba mluzu.

Mawa lake makaniko sanakhudze sipanala. Anakhala pateyala lakutha, foni ili m'manja, kudikira uthenga wa maliro. Mantha anali nawo ndithu, koma sanadandaule. Anali atakonza kale ndi mawu okamutonthoza mlongo wake.

Masana pakhomo pa galaja panaima munthu. Anali mlamu uja, wamoyo, akutokosa m'mano.

Makaniko anaimirira.

"Galimoto ili kuti?"

"Kuphiri, nanga kuti? Panopa ikhala ikutsika." Anakweza bandeji ija. "Ndi dzanja ili ndingakhote pamakona aja? Wapita ndi mlongo wanu, ndi kapilo kake. Musade nkhawa, alamu, mawu anu aja ndamuuza: asavutike ndi mabuleki."