Misozi ya Oribe

Mayi Hatakeyama anali atawerama kale mpaka msana kuwawa, koma bwana Munakata sanawauze kuti akhale pansi. Patebulo panali bokosi la maswiti a nyemba lomwe mayiwo anabwera nalo popepesa. Pambali pake panali kaseti yakale, yoyera kale koma tsopano yachikasu.

Mlandu wawo unali wa chikondi, ndipo amene sanakondepo mawu a munthu yemwe sanamuonepo asaweruze. Ali mtsikana wa kusekondale anakopeka ndi mawu a Shinpei Oribe, amene ankalankhulira ngwazi ya m'katuni yotchedwa Mlonda wa Nyali. M'gawo lomaliza Oribe anaimba nyimbo yotsanzika, ndipo inaulutsidwa kamodzi kokha. Tsikulo mtsikanayo anathamangitsa alongo ake pabalaza, anatsekera mphaka kubafa, n'kugwada patsogolo pa TV atagunditsa wailesi ya kaseti pasipika kuti ajambule nyimboyo. Kenako katuniyo inaiwalika. Oribe anamwalira. Aliyense wofunsa za nyimboyo, kampani ya Aozasa inkamuyankha kuti tepi ya musitudiyo inasowa kalekale.

Chaka chatha, ataona imvi pagalasi, Mayi Hatakeyama anaika nyimboyo pa intaneti kuti isafe nawo limodzi. Tokyo yense wa makatuni anachita ngati wapenga. Chimene chinawamaliza anthu ndi kumapeto: nyimbo ikatha pamamveka kufwenthera, kenako mpweya wonjenjemera. Oribe analira! Azibambo a dazi analemba ndakatulo. Mayiwo ankayankha mauthenga onse mwaulemu, kupatula okamba za misoziyo.

Pasanapite nthawi, a Aozasa analengeza kuti tepi ija yapezeka m'nyumba yawo yosungiramo katundu, ndipo atulutsa chimbale cha m'bokosi lagolide. Kenako analengezanso kuti chimbalecho chaimitsidwa chifukwa cha wakuba wina amene anagawa nyimboyo ulere. Olemba ndakatulo aja anatembenuka tsiku lomwelo. Dzina la mayiwo linasanduka chitukwano, ndipo gulu la okonda Oribe, lomwe analiyambitsa okha, linawachotsa.

Ndiye ndi amenewo, ataimirira mu ofesi ya Munakata, mkulu wa kampaniyo, ngati mwana woswa mbale.

Bwanayo anayankhula nthawi yaitali. Anati anthu ngati iwo ndi chiswe. Anati munthu sagula madzi mvula ikugwa. Anati chimbale chituluka pokhapokha mayiwo atachotsa nyimboyo pa intaneti, kupepesa poyera, ndi kusiya kasetiyo kuti kampani iiphwanye. Atatchula kaseti, Shiomi, katswiri wa zamawu amene anakhala pakona, anaiyang'ana ngati munthu wanjala. Kenako anayang'ana nsapato zake.

Mayi Hatakeyama anavomera zonse. Anangopempha chinthu chimodzi: kuona tepi yeniyeniyo, ngakhale kungokhudza bokosi lomwe manja a Oribe mwina analikhudza.

"Kukhudza? Mayi, tepi imeneyo imagona m'chipinda chozizira, ineyo ndimachita kupempha kuti ndiione," anatero Munakata. "Koma poti mwapepesa ngati munthu, mumve. Mudziwe kusiyana kwa chinthu chenicheni ndi zinyalala zanuzi. Shiomi, tawaikira."

Shiomi anatsokomola, nanena kuti mwina makina sanatenthe bwino. Bwanayo anangomuloza ndi chibwano.

Nyimbo inayamba. Inali yoyera ngati m'mawa wa chisanu, yopanda kusokosera kulikonse. Mawu a Oribe anadzaza chipindacho, ndipo Mayi Hatakeyama anaiwala imvi, anaiwala matukwano, anaiwala ngakhale msana. Anatseka maso. Anaona nyali ija ikuzima pang'onopang'ono pamwamba pa nyanja, monga anaionera tsiku lija. Mumtima anati bwanayu akunena zoona: chinthu chokongola chonchi n'choyenera bokosi lagolide, ndipo iwo ndi chiswe ndithu. Anakankhira kasetiyo kutsogolo ndi manja awiri.

Munakata anakweza chala kuti aliyense akhale chete. Limba linatha. Panamveka kufwenthera. Kenako mpweya wonjenjemera uja.

"Mwamva?" ananong'ona, maso ali ngwee. "Umboni ndi umenewo. Munthu wamkulu kulira yekha musitudiyo. Tapeza kale pulofesa woti alembe masamba asanu okamba za misozi imeneyi, ndipo mtengo tawonjezera mayeni zikwi zitatu. Inu munkagawa ulere misozi ya malemu, mayi. Simuchita manyazi?"

Mayi Hatakeyama anatsegula maso. Anayang'ana Shiomi, ndipo Shiomi anawerama mpaka chipumi kutsala pang'ono kugunda mawondo. Mayiwo anatambasula dzanja, anakokera kaseti ija kwa iwo n'kuiponya m'chikwama. Ataganiza pang'ono, anatenganso maswiti.

"Manyazi ndakhala nawo kuyambira tsiku lomwelo, bwana," anatero. "Oribe sanalire. Ndinali ndi chimfine, ndinali m'chikondi, ndipo mphuno yanga inali pafupi kwambiri ndi wailesi. Tepi yanu yeniyeniyo ndi kaseti yangayi, mwangoitsuka. Pulofesayo akafuna kufunsa mwini misozi, muwauze kuti ndimapezeka Loweruka."