Zipinda Zitatu za Nantchengwa

Padangokhala, mitengo itayamba kutha m'tauni, Nantchengwa ndi Namzeze adakangana za kamangidwe.

Namzeze adamata kachisa kake ka dothi kunsi kwa mlatho, masiku anayi basi. Nantchengwa adaseka.

"Mphwanga, kumanga n'kumeneko? Apongozi akabwera agona pati?"

"Abwerera tsiku lomwelo," adatero Namzeze.

Nantchengwa adatuta timitengo miyezi itatu mpaka khosi kuwawa. Adamanga zipinda zitatu, pakuti kwawo mlendo sabwezedwa. Kadzidzi adafika kudzafuna ntchito, nati agona sabata imodzi. Kenako Kadzidziyo adaitana mkazi wake, mkaziyo adaitana alongo ake. Dzinja lisanathe, mwini nyumba ankagona pakhomo, mpaka alendowo adamuuza kuti akuwatchingira mphepo.

Mvula ili mkati, Nantchengwa adachoka napita kwa Namzeze.

"Lowani, akulu," adatero Namzeze ndi mtima wonse.

Nantchengwa adalowetsa mlomo, mutu udakana. Adaima pamvulapo osadziwa woti am'tukwane: wom'landa nyumba yaikulu, kapena wom'komera mtima m'kanyumba kosalowamo mlendo.

Mpaka lero amaima yekha m'madzi ali khumaa, akuganizabe. Yanga yathera pomwepo.