Nyerere Kuseri kwa Nyumba

"Tikanena kuti ndi malungo, mlamu," anatero Gideon, mkulu wake wa malemu Chakufwa, pokonzekera kukalengeza pamanda chomwe chatenga mng'ono wake.

Yunike, mkazi wamasiyeyo, anapukusa mutu. Mwamuna wake sanatenthepo thupi. Ankangomwa madzi ngati ng'ombe yokoka ngolo, kudya akudya koma kumangowonda, ndipo bala la khasu lomwe analitenga m'munda wa mpunga ku Hara linakana kupola. Pomwe wataya madzi, nyerere zinkachita kuunjikana.

"Namwino uja anati mwina ndi shuga," anayankha chapansipansi.

"Za mwinazo sitilengeza pamanda. Shuga ndi wa mabwana a ku Boma, odya buledi. Mlimi wa mpunga amafa ndi udzudzu. Mukufuna atcheyamani a chipani amve kuti tikubweretsa matenda achilendo m'mudzi muno?"

Pamanda Gideon ananena malungo, ndipo anthu anavomera ndi mitu, poti onse oikidwa chaka chimenecho anali a malungo.

Atabwerako, Yunike anazungulira kuseri kwa nyumba kuti akalire payekha. Anakumana ndi mwana wake woyamba, Keziya, akuchokera komweko, akumanga chitenje, kukamwa kuli gwa ndi ludzu. Pansi ponyowapo, nyerere zinali zitayamba kale kundanda.